Kodi kwanu mtondo ukumvekabe Loweruka?

Nangozo wa ku Bembeke:
Abale, ndifunseko. Sabata yatha ndinapita kumudzi ndi mwana wanga wa Fomu 2. Agogo ake anamupatsa munsi kuti akonole chimanga. Sipanapite nthawi, matuza m'manja, misozi ili lengelenge. Agogo anangoti, "Iwe Nangozo, mwanayu ukumulera bwanji?"

Ife tikukula, Loweruka linali ndi ndondomeko yake. Mbandakucha tili kuphiri kunkhuni, chisanu cha mu June chikuluma zala. Pobwerako tinkakonola awiriawiri pamtondo umodzi, kupeta gaga, kuviika mphale. Masana kuzira. Dothi lakuda tinkakatapa kudambo, n'kugwada kumapaka ndi dzanja kuyambira kuchipinda mpaka pakhonde, likayamba kuuma n'kusalaza ndi mwala. Wopondapo lisanaume ankaona zakuda. Kwanuko zimenezi zilipobe?

Mngoni wa pa Lizulu:
Achemwali, mtondo kuno watsala wa nsinjiro basi. Chigayo chimakonola ndi kugaya komweko. Koma magetsi akazima mudzaone matumba ali ndandanda pakhomo pa chigayo mpaka madzulo, anthu atatsamira njinga. Ife anyamata yathu inali ng'ombe, ndi kusita yunifolomu Lamulungu ndi simbi yamakala. Ine khala linagwera pakolala, ndinavala chibowocho teremu yonse.

Mphunzitsi wopuma, Ntcheu:
Mwanayo musamunyoze. Sukulu ya pulayimale itakhala yaulere mu 1994, atsikana ambiri amene ankatsala pakhomo analowa m'kalasi, ndiye mtondo akanaugwira nthawi yanji? Komanso sindivomera kuti ntchito zachepa. Pansi pa simenti sipafuna kuzira, inde, koma pafuna kukolopa tsiku lililonse, sopo, polishi. Mjigo uli pafupi kuposa chitsime, koma ukachedwa upeza ndowa makumi awiri zakudikira, ukawonongeka musonkhe ndalama. Nkhuni ndiye musanene. Pomwe tinkatola ife pano ndi minda ya kachewere. Ine ndinagula mbaula ya Chitetezo, mtolo umodzi ukundifikitsa patali, ngakhale nsima ya alendo ambiri ndimabwererabe pamafuwa.

Nangozo wa ku Bembeke:
Zoona amayi, zandalamazo sindinaziganize. Koma ufa wa mphale yokonola pamanja ndi wina, nsima yake imachita kuyera mbee. Mtsikanayo anadya mitanda itatu, matuza ali pomwepo.