Thandizo pa maphunziro a chitetezo cha alenje ku Texas

Moni nonse abale. Ndikukonzekera maphunziro a chitetezo cha alenje kuno ku Texas, poti aliyense wobadwa kuyambira pa 2 September 1971 amafunika satifiketi ya maphunzirowa kuti achite ulenje. Buku ndaliwerenga kawiri, mafunso oyeserera a pa intaneti ndayankhanso. Zoti chipolopolo chocheperapo cha saizi ya 20 gauge chimatsetsereka n'kukatseka mpope wa mfuti yokulirapo ya saizi ya 12 gauge ndazimvetsa bwino.

Pamene pandivuta ndi pa malire owombera. Alenje atatu akamayenda pamzere umodzi chopingasa, aliyense amakhala ndi madigiri 45 kutsogolo kwake. Nanga mbalame ikauluka kulowera kwa mnzanga wakumanja, ine wapakati ndilekere pati kuitsata ndi mfuti? Amene munalemba kale mayesowa, chonde ndiuzeni, malirewa mumawayeza bwanji muli m'tchire?