Kodi chisankho choyerekezera cha kusukulu chimaonetsadi mmene makolo adzavotere?

Mphunzitsi wa ku Ngabu:

Moni kwa aphunzitsi anzanga ndi makolo nonse. Ndimaphunzitsa Social Studies pasukulu ina ya sekondale yoyendera kufupi ndi Ngabu, ndipo pali nkhani imene yakhala ikundisowetsa mtendere kuyambira nyengo ya chisankho cha pa 16 Seputembala 2025. Sukulu zisanatsekere teremu yomaliza, tinachititsa chisankho choyerekezera kwa ophunzira a Fomu 3, popeza a Fomu 4 anali otanganidwa ndi mayeso a MSCE. Makatoni ndiwo anali mabokosi oponyeramo mavoti, ngodya ya kalasi tinaitchinga ndi zitenje, ndipo inki ya pachidindo cha sukulu inalowa m'malo mwa inki yosafufutika ija. Papepala lovotera ndinalembapo mayina enieni a atsogoleri a zipani amene aliyense ankadziwa kuti adzaimira pa mpando wa pulezidenti.

Ana anasangalala kwambiri, koma dzuwa lisanalowe zotsatira zinali zitafika kale pamsika, ndipo anthu ankauzana kuti sukulu yavotera uje, choncho dera lonse ndi la uje. M'mawa mwake kunabwera kholo lina litakwiya, likunena kuti ndikuchita kampeni ndi ana a eni, ndipo akuluakulu a sukulu anandilangiza kuti ndisadzabwerezenso. Mafunso anga ndi awiri. Kodi mavoti a ana ngati amenewa amaonetsadi maganizo a makolo awo, monga ankanenera anthu pamsika paja? Nanga ngati phunziroli ndi lofunika, monga ndikukhulupirira ine, tingalichite motani popanda kuyambanitsa sukulu ndi mudzi?

Mphunzitsi wopuma ntchito, Nsanje:

Aphunzitsi, cholinga chanu chinali chabwino, koma mayina enieniwo ndi amene anakupalamulitsani. Ndinaphunzitsa zaka zambiri m'boma la Nsanje ndipo kangapo ndinagwirako ntchito pamalo oponyera voti, choncho ndikukumbutseni chinthu chimene achinyamata mumachiiwala. Malo ambiri ovotera m'dziko muno ndi sukulu, ndipo ambiri mwa anthu amene bungwe loyendetsa chisankho la MEC limawalemba kuti ayendetse chisankho pamalowo ndi aphunzitsi. Mphunzitsi amene mudzi wayamba kumuganizira kuti ali ndi mbali, pa tsiku lenileni lovota mamonita a zipani amamuyang'ana ndi diso lokayika ngakhale atawerenga mavoti moona mtima chotani. Ndife antchito a boma, ndipo ulemu umene anthu amatipatsa pa tsiku limenelo umachokera pa kusadziwika kwa mbali yathu.

Langizo langa ndi lakuti ana apange zipani zawozawo, zokhala ndi mayina ndi zizindikiro zopeka, koma mfundo zake zikhale zenizeni za m'chigwa cha Shire muno. Chipani china chinene kuti anthu a m'malo osefukira madzi asamukire kumtunda, china chinene kuti amangiridwe zotchinga madzi n'kukhalabe paminda ya makolo awo, china chilankhule za mtengo wa thonje, china za ngalande yothirira imene ikuchokera ku Kapichira ndi za amene adzapindule nayo. Mudzaona kuti mtsutso wake udzatentha kuposa wa mayina a andale, chifukwa mwana amene anagonapo m'kalasi ngati pamsasa nthawi ya namondwe Ana mu 2022 kapena Freddy mu 2023 sasowa chonena pa nkhani yosamuka.

Ndipo musathere pa kuponya voti pokha, chifukwa phunziro lalikulu lili pa kuwerenga. Mavoti awerengedwe poyera pamaso pa mamonita a gulu lililonse, pepala lililonse likwezedwe m'mwamba kuti onse alione, ndipo ana akangane okha ngati pepala lochongedwa pawiri kapena lolembedwa dzina la wovota ndi voti yabwino kapena yowonongeka. Kenako mamonitawo asayine pepala la zotsatira, aliyense atenge lake. Apa m'pamene mungawafotokozere chifukwa chimene chisankho cha pa 21 Meyi 2019 chinathera kukhoti. A Peter Mutharika analengezedwa kuti apambana ndi 38.57 peresenti, a Lazarus Chakwera anapeza 35.41 ndipo a Saulos Chilima 20.24, koma pa 3 Febuluwale 2020 majaji asanu anathetsa zotsatirazo, mwa zina chifukwa cha mapepala a zotsatira ofufutidwa ndi Tippex, ndipo anagamula kuti wopambana ayenera kupeza mavoti oposa theka la mavoti onse. Dziko linavotanso pa 23 Juni 2020. Mukakhala ndi zipani zinayi m'kalasi, kawirikawiri palibe amene amafika pa theka, ndiye chititsani chisankho chachibwereza pakati pa awiri otsogola. Mwana amene wataya chipani chake m'ndime yoyamba n'kukakamizika kusankha pakati pa awiri otsalawo, lamulo la 50+1 amalimvetsa bwino kuposa amene wangolikopera m'kope.

Wa zakafukufuku, Bangula:

Ndikugwirizana ndi bambo a ku Nsanje pa funso lachiwiri, choncho ine ndiyankhe loyambalo, popeza ndinagwirako ntchito yofunsa anthu mafunso m'midzi.

Chikhulupiriro chakuti ana asukulu amalosera wopambana sichinayambire pamsika wa Ngabu. Ku America kampani ya Scholastic yakhala ikuchititsa ana voti yotere kuyambira mu 1940, ndipo nthawi zambiri amene ana amusankha ndi amenenso amapambana. Komabe mu 1948 ana anasankha Thomas Dewey pamene anapambana ndi Harry Truman, mu 1960 anasankha Richard Nixon pamene anapambana ndi John F. Kennedy, ndipo mu 2016 anasankha Hillary Clinton pamene anapambana ndi Donald Trump. Onani kuti zaka zitatu zonsezi mpikisano unali wothina, kutanthauza kuti voti ya ana imalondola pamene aliyense akudziwa kale kumene mphepo ikulowera, ndipo imaphonya nthawi yeniyeni imene munthu akufuna womuuza zam'tsogolo. Komanso kumeneko amavota ndi ana ochuluka zedi a m'madera onse a dziko, osati kalasi imodzi.

Mabungwe ochita kafukufuku wa maganizo a anthu, monga Afrobarometer, amafunsa anthu akuluakulu pafupifupi 1,200 m'dziko lonse la Malawi, koma mphamvu ya kafukufukuyo siili m'chiwerengerocho. Ili m'kasankhidwe ka anthuwo: mudzi umasankhidwa mwamaere, nyumba mwamaere, ndipo m'nyumbamo munthu mmodzi mwamaere, amuna ndi akazi mofanana. Kalasi ya Fomu 3 sinasankhidwe motero. Ambiri mwa anawo sanakwanitse zaka 18 zimene malamulo amafuna kuti munthu avote. Ana amene amafika ku sekondale m'chigwa muno ndi ochepa poyerekeza ndi amene amalekera ku pulayimale, ndipo kawirikawiri amachokera m'mabanja amene angathe kulipira zofunika kusukulu. Msodzi wa ku Elephant Marsh, mayi wolima kudimba kutsidya kwa Shire, ndi wodula nzimbe amene amabwera nyengo yokolola yokha, onsewa ali ndi voti, koma ana awo ambiri m'kalasimo mulibe. Ndipo mwana amavota atayang'ana kaye anzake a pabenchi.

Pali chinanso chimene ndi chathuchathu kuno. Chigwa chino chakhala chikutsatira munthu kuposa mtundu wa nsalu ya chipani. Akuluakulu amakumbukira a Gwanda Chakuamba, amene ankatchedwa Mbuya, mwana wa ku Nsanje amene anaimira pa upulezidenti mu 1999 ndi mu 2004 ndipo anthu ambiri kuno ankasamuka nawo akasintha chipani. Amakumbukiranso a Sidik Mia a ku Chikwawa, amene anali wachiwiri kwa a Chakwera papepala lovotera mu 2019. Agogo akamalowa m'kachipinda kovotera amalowa ndi mbiri yonseyi m'mutu, pamene mwana wa Fomu 3 anabadwa a Chakuamba ataimira kale komaliza, ndipo pamene ankamwalira mu 2016 iye anali m'makalasi oyambirira a pulayimale. Sindikuona mmene voti ya mdzukulu ingaimirire voti ya agogo akewo.

Mayi wa ana atatu, Nchalo:

Achimwene a ku Bangula mwafotokoza bwino za kafukufuku, koma pa mfundo imodzi ndikusiyana nanu. Mukunena ngati mwana ndi kholo amaganiza motalikirana, pamene ife amene timalera tikudziwa kuti make mbuu, mwana mbuu. Zimene timayankhula pakhonde madzulo za mtengo wa feteleza, za mafuta a galimoto ndi za amene anatikumbukira madzi atatikokolola, ana amazimva zonse ndipo amapita nazo kusukulu. Mwina kalasi singalosere za dziko lonse, koma imaulula za nyumba imene mwanayo wachokera, ndipo apa m'pamene pali vuto limene aphunzitsi a ku Ngabu sanalione.

Ine voti yanga ndi chinsinsi changa, ngakhale bambo a kunyumba sindiwauza. Tsono mwana wanga akavota m'kalasi ya anthu odziwana, anzake amadziwa amene wamusankha chifukwa ana sasunga pakamwa, ndipo pofika madzulo mudzi wonse ukuti banja lakuti ndi la chipani chakuti. Kwa munthu wa m'tauni izi n'zoseketsa chabe. Kwa ife amene chaka cha njala kapena cha madzi osefukira timadikira kuti dzina lathu lilembedwe pa mndandanda wa olandira thandizo, kutchulidwa mbali ndi chinthu choopsa, kaya manthawo ali ndi maziko kapena ayi. Kholo lija linabwera litakwiya, koma ndikukhulupirira kuti pansi pa mkwiyowo panali mantha amenewa.

Sindikunena kuti phunzirolo lithe. Mwana wanga woyamba anaphunzira kuchonga pepala lovotera pa chisankho cha mapulifekiti kusukulu kwawo, ndipo mu 2025, pamene pepala la pulezidenti linali ndi opikisana 17, ndiye amene anakhala pansi ndi agogo ake n'kuwajambulira pamchenga mmene mabokosi amakhalira, kuti asadinde chala pamzere wa pakati pa anthu awiri. Anawafotokozera zonsezi m'Chisena, chimene mapepala ambiri ophunzitsa za chisankho safikako. Sanawauze woti amuvotere, ndipo agogowo sakanamumvera n'komwe. Zipani zopeka zimene anena bambo a ku Nsanje ndikuzivomereza, koma ndikupempha kuti makolo a mu komiti ya sukulu ndi a mfumu auzidwe zisanachitike, osati azimvera pamsika.

Mphunzitsi wa ku Ngabu:

Zikomo nonse. Mayi a ku Nchalo, mwanditsegula maso pa nkhani ya mndandanda wa thandizo, chifukwa ine ndinkangoona ngati kholo lija ndi lokonda ndale mopitirira muyeso, ndipo tsopano ndikuona kuti ndiyenera kukalipepesa. Ndiulule kuti pamene zotsatira zenizeni zinatuluka, a Mutharika atapambana ndi mavoti oposa theka, panali anthu ena pamsika amene anabweranso kudzandifunsa kuti ndiyerekeze ndi za ana zija, ndipo ndinakana. Pa nthawiyo ndinakana chifukwa cha mantha chabe, koma zimene afotokoza achimwene a ku Bangula zandipatsa chifukwa chomveka choti ndiziwayankha.

Teremu ikubwerayi ndikapempha akuluakulu a sukulu kuti chisankho cha mapulifekiti tichiyendetse mwa dongosolo lonse, kuyambira kalembera wa ovota mpaka chachibwereza, ndipo nkhaniyi ndikaitula kaye ku komiti ya makolo. Bambo a ku Nsanje, chimene chikundivutabe ndi kachipinda kovotera, chifukwa zitenje zathu zija zinkaonekera mkati dzuwa likawomba pawindo, ndipo ana amene anali pamzere ankatha kuona pamene dzanja la mnzawo lalowera. Kodi inu pamalo amene kunalibe zipangizo zokwanira munkaika tebulo moyang'ana kuti, ndipo mzere munkauimika patali bwanji?