Mabatire sakudzaza chiyambire Juni, vuto lili pati?

Wa ku Lilongwe: Akuluakulu, ndigawireni nzeru. Mu Disembala ndinaika mapanelo anayi a sola pa nyumba ina ku Likuni. Nthawi imeneyo ikamati 1 koloko masana, mabatire adzaza kale. Pano mayi a nyumbayo akuimba foni tsiku ndi tsiku kuti filiji ikuzima mbandakucha. Mabatire ndayeza, mawaya ndaona, kontrola (kachipangizo kowongolera kudzaza kwa mabatire) ndasintha. Ayamba kunena kuti ndinawagulitsa katundu wabodza.

Wa ku Thyolo: Si chiperoni, achimwene? Kuno tatha masiku atatu osaliona dzuwa.

Wa ku Lilongwe: Ayi, kuno mitambo kulibe. Fumbi ndinapukutanso dzulo.

Wa ku Mzuzu: Mapanelowo ayang'ana kuti?

Wa ku Lilongwe: Ndinangowagoneka pa malata, mbali ya kummwera, poti ndi kufupi ndi chipinda cha mabatire. Denga lake latsetsereka madigiri ngati 20.

Wa ku Mzuzu: Basi, matenda ndi amenewo. Dzuwa la Disembala linakupusitsani. Dziko lapansili limazungulira dzuwa lili chopendekeka madigiri 23.4, ndipo silisintha kopendekekera chaka chonse. Mu Disembala mbali yathu ya kummwera ndiyo imaweramira dzuwa. Lilongwe ali pa madigiri pafupifupi 14 kummwera kwa ikweta, ndiye masana dzuwa limadutsa madigiri 9 okha kummwera kwa liwombo lanu, n'kumamenya mapanelowo pamaso penipeni. Pa 21 Juni limakhala litathawira kumpoto ndi madigiri 37. Onjezanipo 20 a dengalo, akwana 57 pakati pa dzuwa ndi kumene mapanelowo ayang'ana. Kuwala kukungowapecheka cham'mbali, masana mukutola mphamvu yongopitirira theka pang'ono. Tsikunso lafupika, maola 11 ndi mphindi zochepa, pomwe mu Disembala amayandikira 13.

Wa ku Thyolo: Madala, ine ndinkati mu Juni dziko limatalikirana ndi dzuwa, n'chifukwa chake kumazizira.

Wa ku Mzuzu: Limatalikira ndithu, makamaka kumayambiriro kwa Julayi, koma ndi 3 peresenti yokha poyerekeza ndi Januwale. Chikanakhala chimenecho, bwenzi ku London akuvalanso majuzi pano, koma kumeneko ndi nyengo yotentha. Imani panja 12 koloko lero muone mthunzi wanu, ukulozera kummwera. Kumapeto kwa Okutobala ku Lilongwe mudzaupeza uli pansi pa mapazi.

Wa ku Zomba: Ndiwonjezeko, achimwene. Musanawasamutse, pitani 9 koloko m'mawa ndi 3 koloko masana mukaone mithunzi. Ine chaka chatha mtengo wa mango unandipinga. Unali kumpoto kwa nyumba, mu Novembala sunkakhudza denga n'komwe, kufika Juni mthunzi wake unkagwera panelo imodzi, mzere wonse wa mapanelo n'kufooka.

Wa ku Lilongwe: Kumpotoko kuli thanki ya madzi, achemwali, koma malo alipo. Ndiwapendeke bwanji?

Wa ku Zomba: Madigiri 15 kuyang'ana kumpoto, chaka chonse muli bwino, mvula izitsukanso fumbi yokha. Mawaya akatalika ikani onenepa, musaumire pamenepo.

Wa ku Thyolo: Nanga ndalama yosamutsira alipira ndani?

Wa ku Lilongwe: Ine ndemwe, wolakwa ndine. Loweruka ndikwera padenga ndi kampasi ya pafoni. Chondivuta n'choti ndikawafotokozere bwanji mayi aja za madigiri 23.4 ali ndi nyama yoonongeka mu filiji.