Za warden uja ndinafunsa, nazi zomwe ndapeza

Ndinafunsa kuti warden ndi ndani kwenikweni, poti ena amati ndi wa kundende, ena amati wa kutchalitchi. Zikomo nonse amene munandiyankha. Ndafufuza, ndipo mbali zonse zikulondola, kungoti zimatengera dziko ndi ntchito.

Ku America, warden ndi bwana wamkulu wa ndende yonse. Ku England bwana ameneyo ndi governor, ndipo woyenda ndi makiyi kutsekera akaidi ankamutcha warder. Apa ndi pomwe ambiri timasokonezeka. Alonda a ku Tower of London, linga lakale lachifumu la mu mzinda wa London, nawonso amatchedwa Yeoman Warders.

Traffic warden, womata kapepala ka faindi pagalasi la galimoto yoimikidwa pamalo oletsedwa, anayamba kuoneka m'misewu ya London mu 1960. Ku Anglican, churchwarden si wansembe ayi, ndi mkhristu wamba wosankhidwa kusamala katundu wa tchalitchi.

Udindo umene wandichititsa chidwi zedi ndi wa Lord Warden of the Cinque Ports. Kalelo ankayang'anira madoko asanu a kum'mwera chakum'mawa kwa England, Hastings, Romney, Hythe, Dover ndi Sandwich, omwe ankapereka zombo kwa mfumu pa nkhondo. Lero ndi waulemu chabe, komabe sapatsa munthu wamba. Winston Churchill, yemwe anali nduna yaikulu ya Britain, anaugwira kuyambira 1941 mpaka kumwalira kwake mu 1965, ndipo amayi ake a Mfumukazi Elizabeth II kuyambira 1978 mpaka 2002. Nyumba ya mwini udindowu ndi Walmer Castle, mmene Duke of Wellington, mkulu wa asilikali wotchuka wa Britain, anamwaliramo mu 1852.