Funso: inshuwaransi ya kuchipatala ntchito ikatha

Abale, ndikupempha thandizo kwa amene munadutsamo kale. Kontrakiti yanga pa kampani ina yogula fodya kuno ku Kasungu ikutha mwezi wamawa, ndipo inshuwaransi ya kuchipatala ya bungwe la MASM imene abwana ankandilipirira gawo lalikulu itha nayo limodzi. Mayi anga, amene ndinawalembetsa pa khadi langa, amamwa mankhwala a shuga tsiku lililonse, ndipo ku chipatala cha boma mankhwalawa sapezeka nthawi zonse. Kodi n'zotheka kusintha umembala kuti ndizilipira ndekha mpaka nditapeza ntchito ina, popanda kuyambiranso nthawi ija imene olowa kumene amadikira inshuwaransi isanayambe kuwalipirira? Nanga matenda amene anali nawo kale adzawalandirabe, kapena adzawatenga ngati olowa kumene? Ndalama zanga ndi zochepa, choncho mundiuzenso ngati kutsikira pa sikimu yotsika mtengo kungawachotsere mankhwala amenewa.