Ana anga akudya "lice" ndi nyemba, ndithandizeni aphunzitsi

Mphunzitsi wa Sitandade 6, Luchenza

Moni nonse m'gulu muno. Lachisanu ndinauza ana kuti aliyense alembe chiganizo cha chakudya chimene amakonda. Mtsikana wina, wanzeru ndithu, analemba kuti "I like lice and beans". Ndinaseka ndekha pochonga, koma kuseka kunatha nditaona kuti pafupifupi theka la kalasi lalemba chimodzimodzi. Rice ndi mpunga, lice ndi nsabwe! Pray ndi play, road ndi load, glass ndi grass, zonsezi amangozisakaniza. Mawuwa ndi otalika mofanana, chosiyana ndi chilembo chimodzi basi. Ndayesa kuwalembetsa liwu lililonse kakhumi, mawa lake abwerera pomwepo. Kwatsala zaka ziwiri kuti akumane ndi mayeso a MANEB. Nditani?

Madamu a Sitandade 5, Bvumbwe

Aphunzitsi, kulembetsa kakhumi n'kungomaliza makope a makolo. Vuto lili kukhutu, osati kudzanja. M'Chichewa l ndi r ndi liwu limodzi, timangosiyanitsa polemba. Taonani: r timamuika pambuyo pa i kapena e, monga lero, mbiri, kulira. Pena ponse timalemba l: malo, ulendo, ndalama. Ndipo mawu a Chichewa sayamba ndi r. Ndiye mwana akamva rice, dzanja limathamangira l chifukwa ndi zimene tinamuphunzitsa tokha kuyambira Sitandade 1. Kayang'aneninso m'makopemo, mupeza wina walemba berow m'malo mwa below. Ameneyo si mbuli ayi, watsata lamulo la chinenero china.

Mphunzitsi wa Sitandade 6, Luchenza

Madamu, mwalasa. Berow alimo, awiri.

Mphunzitsi wa Sitandade 7, Chitakale

Ine ndimayamba ndi lilime. Potchula l, nsonga ya lilime imagunda nkhama kuseri kwa mano akumwamba. Potchula r siigunda paliponse, imangopindikira m'mbuyo pang'ono milomo itatuluka. Ana akhale awiriawiri, wina aziyang'ana pakamwa pa mnzake. Tsiku loyamba ndi phokoso ndi kuseka kokhakokha, musakwiye.

Kenako bweretsani zinthu zenizeni. Tambula kudzanja ili, udzu kudzanja linalo. Mukati glass aloze tambula, mukati grass aloze udzu. Osalemba kanthu pabolodi kufikira khutu litagwira. Makadi ndimadula ku makatoni a sopo amene ndimapempha kumaokala, kuseri ndijambule chithunzi. Mawu anayi pa sabata akwana, mukachulutsa mubalalitsa ana.

Ahedi opuma, Thekerani

Ana anga, ndiloleni ndinene chowawa. Ndi angati mwa ife amene pa asembule timati "let us play" tikufuna kuti ana atsinzine apemphere? Ine ndinanena choncho zaka zambirimbiri popanda wondidzudzula. Mwana atola kuti r ngati mphunzitsi wake alibe? Musanapite ndi tambulayo m'kalasi, dzijambuleni mawu pafoni mukuwerenga right, light, fresh, flesh, crowd, cloud, mudzimvere nokha usiku. Ena mugona mochedwa.

Chinanso, musathere mphamvu zonse pa l ndi r. Ife tili ndi a, e, i, o, u, mawu asanu okha, pomwe Chingerezi chimatchula ochuluka kuposa apo ngakhale zilembo zili zomwezo. N'chifukwa chake walk, kuyenda, ndi work, kugwira ntchito, zimamveka chimodzi kwa mwana wa kuno. Cap ndi chipewa, cup ndi kapu. Staff ndi ife ogwira ntchito, stuff ndi katundu.

Madamu a Sitandade 5, Bvumbwe

Bambo, zafoniyo mwatichititsa manyazi koma ndi zoona. Ndiwonjezere gulu lina limene khutu silithandiza kwenikweni, lofuna diso: mawu a zilembo zomwezo zongosinthana malo. Quiet ndi kukhala chete, quite ndi ndithu. Form ndi from. Angel ndi mngelo, angle ndi ngodya ya pamasamu. Kuno kwa alimi a ng'ombe zamkaka ndimagwiritsa dairy, malo a mkaka, ndi diary, kabuku kolembamo zochitika za tsiku ndi tsiku: ndimafunsa kuti mayi ako m'mawa amapita ndi chigubu cha mkaka kuti? Palibe amene amaiwalanso. Inu a kuminda ya tiyi muli ndi mwayi, dulani zilembo zitatu t, e, a, ana azisuntha okha apeze tea, eat ndi ate.

Mphunzitsi wa Sitandade 7, Chitakale

Koma magulu awiriwa musawaphunzitse tsiku limodzi, ndinayesapo, zinangosanduka phala.

Mphunzitsi wa Sitandade 6, Luchenza

Ndabwera ndi lipoti. Ndinadzijambula monga ananenera Ahedi, ndipo crowd wanga anatuluka cloud, mkazi wanga mpaka misozi ndi kuseka. Ndayeserera masiku atatu. Lero ndinalowa ndi mpunga m'kambale ndi chithunzi cha nsabwe, ambiri aloza molondola. Mtsikana uja tsopano ndi amene akukonza anzake. Koma nditati alembe za mtsinje wa kwathu kuno, mnyamata wina walemba kuti "Ruo is a big liver". Madamu, sabata yamawa ndi river ndi liver, chiwindi ndikagula Lamlungu pamsika. A ku Chitakale, makatoni mwatsala nawo?