Thandizeni abale, mapazi a mayi anga achita dzanzi

Membala wobisa dzina: Abale anga a muno mu Harare, ndithandizeni nzeru. Mayi anga mapazi onse awiri achita dzanzi, usiku amangoti akutentha, akubayabaya. Dzulo patapata inawavuka pochokera ku Mbare Musika iwo osamva, anafika pakhomo chala chikutuluka magazi. Wowasamala ndine ndekha. Achimwene ali ku Johannesburg, ndalama satumiza, koma zithunzi pa Facebook ndiye tsiku lililonse. Alamu akuti ndi zakumudzi chifukwa cha mkangano wa munda ku Dedza. A landilodi nawonso akweza lendi. Kodi mitsempha ikafa imadzukanso? Tulo sindikugona.

Mayi a ku Mufakose: Pepa mwanawe. Apongozi anga zinayamba chonchi, tinatha mbuzi kwa asing'anga, pamapeto pake ankayendera ndodo. Achibale awo mpaka lero amati ndine ndinawalodza.

Aphunzitsi a Biology, Highfield: Za ufiti tisiye kaye, MVETSERANI. Minyewa, mitsempha yonyamula mauthenga m'thupi, imayendera magetsi. Selo ya mnyewa ikakhala phee, mkati mwake mumakhala -70 millivolts (muyezo wa mphamvu ya magetsi) poyerekeza ndi kunja. Kunja kumachuluka mchere wa sodium, mkati wa potassium, chifukwa pali timapampu totulutsa sodium 3 n'kulowetsa potassium 2, usana ndi usiku. Mukaponda mwala, timakomo ta sodium timatseguka, sodium n'kukhamukira mkati, mphamvu ija n'kukwera kufika cha pa +30. Kenako potassium amatuluka, zinthu n'kubwerera mwakale. Malo amenewo amadzutsa oyandikana nawo, uthenga n'kumakwera mpaka kumsana ndi ku ubongo.

Mnyamata wa kombi: Ndiye kuti magetsi a m'mapazi mwa agogo nawonso amawazimitsa masana ngati akwathu ku Epworth? 😂

Mayi a ku Mufakose: Iwe, mnzako akulira iwe ukuseka? Unaleredwa kuti?

Namwino, Chitungwiza: Achemwali, simunatiuze chachikulu. Mayi ali ndi shuga? Akumwa mankhwala aliwonse? Isoniazid wa TB amabweretsa dzanzi lotere, n'chifukwa chake timapereka limodzi ndi vitamini B6. Kuchepa kwa B12 nakonso kumatero. Akayezetse magazi kukiliniki sabata ino.

Bambo a ku Dzivarasekwa: Ngati nkhani ndi sodium monga akunenera aphunzitsi, awonjezereni mchere mu ndiwo basi.

Aphunzitsi a Biology, Highfield: AYI bambo! Mukufuna muwakwezere BP? Thupi limasunga lokha mulingo wa sodium. Vuto limakhala pa mnyewa weniweniwo. Minyewa yambiri inakutidwa ndi mafuta otchedwa myelin, ngati pulasitiki wa pa waya wa magetsi. Uthenga umalumpha kuchoka pa kampata kena ka chokutiracho kufika pa kena, mpaka mamita 120 pa sekondi. Yopanda chokutiracho imayenda mita imodzi kapena awiri basi. Ndipo yopita ku zala zakuphazi ndiyo yaitali kuposa yonse, pafupifupi mita yathunthu. Ikayamba kufooka, mapazi ndiwo amayamba kudandaula, manja pambuyo. Za kulowa kwa sodium ndi kutuluka kwa potassium zija si zanga, asayansi Hodgkin ndi Huxley anaziyeza pa mnyewa wa nyama ya m'nyanja yotchedwa squid, analemba mu 1952, Nobel analandira mu 1963.

Bambo a ku Dzivarasekwa: Aphunzitsi, pano si pa kalasi. Munthu wafunsa chochita, inu mukutipatsa manotsi a mayeso a ZIMSEC.

Aphunzitsi a Biology, Highfield: Munthu akamvetsa sapusitsidwa. Inuyo simunangotsala pang'ono kuwamwetsa mchere?

Mlongo wa mapemphero: Bwerani nawo Lachisanu tidzawapempherere. Ine mwendo unachira.

Namwino, Chitungwiza: Pempherani, koma kukiliniki apite. Pakadali pano chilondacho chitsukeni ndi madzi oyera, muchimange. Muziwaona mapazi madzulo aliwonse, ndi pakati pa zala pomwe. Azivala nsapato zotseka. Madzi osamba muziyamba mwayesa inu ndi chigongono, ndipo asamayandikize mapazi pa mbaula, angapse osamva. Choyambitsa chikapezeka msanga, ena amapezako bwino, ena matendawo amangoleka kupitirira.

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse. Achimwene aja ndawatumizira uthenga, awerenga koma sanayankhe. Alamu akuti Loweruka abwera ndi mankhwala opaka ochokera kumudzi.

Namwino, Chitungwiza: Asawateme mphini pamapazipo, chonde. Ndifunsenso achemwali: shuga anayezetsapo? Nanga mapiritsi amene akumwa ndi ati?

Aphunzitsi a Biology, Highfield: Ndipo za synapse, polumikizirana minyewa, sindinafikepo, dikirani ndiweruke.